Konami sinagwe koma inatisiya: nkhani ya PES, Kojima ndi ndalama za pafoni

Makampani a magemu amene anthu akuwadandaula masiku ano alipo ambiri, koma mkwiyo umene mafani ali nawo pa Konami ndi wamtundu wina. Kampani imeneyi sinatsekedwe ayi, sinagulidwe ndi wina, ndipo ndalama ikupanga zambiri kuposa nthawi ina iliyonse m'mbiri yake. Ndiye wina atha kufunsa kuti nanga anthu akulira chani? Akulira chifukwa kampani imene inatipatsa PES, Metal Gear, Silent Hill, Contra ndi Castlevania inafika poona kuti itha kulemera bwinobwino popanda anthu amene ankagula magemu amenewa, ndipo itaona choncho sinazengereze, inatembenuka basi.

Konami ndi ya ku Japan, anaiyambitsa Kagemasa Kozuki mu 1969 ku Osaka, ndipo poyamba ntchito yake inali yokonza ndi kubwereketsa makina oimba nyimbo aja oponyamo kobiri. Kenako analowa m'magemu, Frogger mu 1981, Gradius mu 1985, Castlevania mu 1986, Contra mu 1987. Amene munasewerako Contra pa timakina ta makatiriji tija mukuidziwa ndithu, ija ya asilikali awiri othamanga akuwombera, imene ukadina mabatani mwa ndondomeko ina yake umapeza miyoyo 30 m'malo mwa itatu. Pamene PlayStation imabwera anali atakhwima kale, anatulutsa Metal Gear Solid mu 1998, Silent Hill mu 1999, Silent Hill 2 mu 2001, ndipo nthawi imeneyo ukaona dzina la Konami pa kava umadziwa kuti ndalama yako sinapite pachabe.

Koma kwathu kuno ambirife Konami tinaidziwira pa mpira. Ku Japan gemu yake inkatchedwa Winning Eleven, ku Ulaya kuyambira 2001 anaipatsa dzina la Pro Evolution Soccer, mwachidule PES, ndipo m'matauni mwathu m'tizipinda tosewereramo magemu tija, TV imodzi, mapadi awiri, anyamata ali mbuu kudikira kuti woluza adzuke, gemu imene inkalamulira inali imeneyi. PES 5 ya 2005 ndi PES 6 ya 2006 mpaka pano anthu amazitchula ngati magemu a mpira abwino kwambiri amene anapangidwapo. Ndipo chodabwitsa n'chakuti analibe malaisensi ambiri, m'magemu ena Manchester United inali Man Red, Chelsea inali London FC, Liverpool inali Merseyside Red, m'magemu oyambirira ngakhale mayina a osewera ena anali opotozedwa, koma palibe amene ankadandaula kwenikweni chifukwa mpirawo ukauponya umamveka kulemera kwake, pasi imafuna nzeru, chigoli chilichonse chimabwera mosiyana ndi chinzake. Adriano wa Inter Milan ndi shoti yake ya 99 anayambanitsa anthu ambiri, mpaka m'malo ena amachita kugwirizana kaye kuti aise Inter usatenge. Ndiye panali Master League, kuyamba ndi timu ya osewera ongopeka, a Castolo, a Minanda, a Ximelez, goloboyi Ivarov, anthu oti kulibe padziko pano koma tinkawakonda ngati abale athu, kuvutika nawo mu divishoni yapansi mpaka kupeza ndalama yogulira sitraika mmodzi wabwino. Zonsezi zinali mu disiki imodzi ndi memore khadi imodzi, ukagula wagula, palibenso wina wokupempha kalikonse.

Kutsetsereka kwa PES kunayamba makina atsopano atabwera, PlayStation 3 ndi Xbox 360. Timu ya Shingo Takatsuka, amene ankatsogolera PES nthawi imeneyo, inavutika kusamuka kuchoka pa PS2, PES 2008 inatuluka ikudukaduka makamaka pa intaneti, pomwe EA, kampani yopikisana nayo imene inkapanga gemu ya mpira ya FIFA, inali itakhala pansi n'kukonzanso FIFA yawo kuyambira pansi. Pofika FIFA 09 ndi FIFA 10 anthu ambiri ku Ulaya anali atawoloka. Ndipo mu 2009 EA inayambitsa Ultimate Team, kumene umagula mapaketi a makhadi a osewera osadziwa kuti mutuluka ndani, chinthu chimene chinadzasintha bizinesi yonse ya magemu a mpira chifukwa chinaonetsa kuti munthu mmodzi atha kulipira kambirimbiri pa gemu imodzi yomweyo. Ndalama zimenezo EA inkagulira malaisensi, malaisensiwo amakoka anthu ena, anthuwo amabweretsa ndalama zina. Konami inayesetsa ndithu, PES 2013 inali yokoma, PES 2016 ndi 2017 anthu anaziyamikira kwambiri, analinso ndi laisensi ya UEFA Champions League kuyambira 2008, koma mu 2018 nayonso inapita kwa EA.

Chaka chimene zinthu zinaonekera poyera ndi 2015, ndipo apa mpofunika kudekha chifukwa mkwiyo wambiri umene mumauona pa intaneti unabadwira pamenepa. Hideo Kojima analowa Konami mu 1986, ndi amene anapanga Metal Gear kuyambira yoyamba ya 1987, ndipo kwa anthu ambiri kunja kwa Japan iye ndi amene anali nkhope ya kampaniyo. Mu Ogasiti 2014 pa PlayStation 4 panatuluka kagemu kaulere kotchedwa P.T., kolembedwa kuti kapangidwa ndi situdiyo ina yosadziwika, umangoyenda m'khonde limodzi la nyumba mobwerezabwereza koma kuopsa kwake anthu ankachita kutaya padi. Amene anakamaliza anapeza kuti ndi chilengezo cha Silent Hills, gemu yatsopano imene Kojima amapanga limodzi ndi wopanga mafilimu Guillermo del Toro, munthu wamkulu wa mu gemuyo akuseweredwa ndi katswiri wa mafilimu Norman Reedus. Mafani a Silent Hill anali atakhala zaka zambiri akulandira magemu osakoma kuchokera pomwe gulu limene linapanga anayi oyambirira linabalalika itatuluka Silent Hill 4 ya 2004, ndiye mutha kuona chimwemwe chake mmene chinalili.

Mu Malichi 2015 anthu anangoona dzina la Kojima likufufutidwa pa zotsatsa za Metal Gear Solid V, popanda kufotokoza kulikonse. Mu Epulo Konami inalengeza kuti Silent Hills yathetsedwa, ndipo pa 29 Epulo P.T. anaichotsa pa PlayStation Store, kenako zinafika poti ngakhale amene anali ataidawunilodapo kale samathanso kuitenganso akaifufuta. Anthu anayamba kugulitsa ma PS4 okhala ndi P.T. pa eBay, msika wa pa intaneti, pamitengo yokwera zedi. Ine pamenepa mpamene ndimaona kuti panali nkhanza, chifukwa kuthetsa projekiti ndi nkhani ya bizinesi, zimachitika kulikonse, koma kufufuta kagemu kaulere kamene anthu amakakonda chonchija sikunawapulumutsire ndalama iliyonse yooneka.

Mu Ogasiti nyuzipepala ya zachuma ya Nikkei inatulutsa lipoti la mmene zinthu zinalili mkati mwa kampaniyo. Inati ogwira ntchito amawayang'anira ndi makamera, nthawi ya nkhomaliro amaiwerengera mpaka kulengeza mayina a ochedwa, ndipo ena opanga magemu amene mabwana aona kuti alibenso nawo ntchito amawatumiza kukakhala alonda, kukakolopa m'majimu a kampaniyo kapena kukagwira ntchito kufakitale ya makina a juga. Lipoti lomwelo linati Metal Gear Solid V inali itadya ndalama zoposa mayeni 10 biliyoni, pafupifupi madola 80 miliyoni. Gemuyo inatuluka pa 1 Seputembala, inali yabwino kwambiri kuisewera koma aliyense amene anafika kumapeto anaona kuti nkhani yake yathera m'malere, ndipo chigawo china chosamalizidwa anachiika ngati kavidiyo chabe pa disiki ya bokosi lapadera. Ndiye mu Disembala pa mwambo wa The Game Awards gemuyo itapambana, Geoff Keighley amene amayendetsa mwambowo anauza anthu poyera kuti maloya a Konami amuletsa Kojima kubwera kudzalandira mphotho, holo yonse inakuwiza, mphothoyo anakalandira Kiefer Sutherland, wosewera m'mafilimu amene mawu ake ali mu gemuyo. Patangopita masiku ochepa Kojima analengeza situdiyo yake yoima payokha mogwirizana ndi Sony, ndipo mu 2019 anatulutsa Death Stranding, momwe mulinso Norman Reedus yemwe uja.

Sanali yekha wochoka. Koji Igarashi wa Castlevania anachoka mu 2014, chaka chotsatira anapempha mafani pa Kickstarter, webusaiti yosonkhera ndalama, kuti amuthandize kupanga gemu ya mtundu womwewo, anthu anasonkha madola oposa 5 miliyoni ndi theka, gemuyo ndi Bloodstained. Zimenezi zinaonetsa kuti anthu ofuna magemu otere analipo ndipo anali okonzeka kulipira, kungoti sanali ochuluka mokwanira kwa Konami.

Tsono n'chifukwa chani kampani ingachite zoterezi kwa anthu amene anaikweza? Yankho lili pa foni. Mu 2010 Konami inatulutsa ku Japan kagemu ka pafoni kotchedwa Dragon Collection, kotchipa kupanga, kopangidwa ndi anthu ochepa, koma kanayamba kulowetsa ndalama mwezi ndi mwezi kudzera m'tinthu timene osewera amagula mkati. Mabwana akaika mbali iyi gemu ya Kojima yodya zaka zambiri ndi mabiliyoni, imene ikalephera kampani yonse igwedezeka, mbali inayo kagemu kotchipa kobweretsa ndalama osalekeza, masamu ake sanali ovuta. Hideki Hayakawa, amene anatsogolera Dragon Collection, ndi amene anakhala pulezidenti wa nthambi ya magemu mu 2015, ndipo chaka chomwecho ananena poyera kuti tsogolo la kampaniyo lili pa magemu a pafoni. Kunena chilungamo, Kojima nayenso sanali munthu wotchipa kumusunga, amatenga nthawi yake ndipo amafuna chilichonse chikhale mmene iye akuchionera. Koma kusiyana ndi munthu amene wakugwirira ntchito zaka pafupifupi 30 kuli ndi njira yake, ndipo njira imene anasankha ndi imene anthu sanaiiwale.

Pali chinthu chimodzi chimene mafani ambiri amalakwitsa, amati Konami inasiya magemu n'kupita ku pachinko, makina a juga aja odzaza m'maholo a ku Japan. N'zoona kuti ili ndi nthambi ya makina amenewo, ilinso ndi ina yopanga makina a m'makasino ku Las Vegas, ndi ina ya majimu. N'zoonanso kuti anthu anapsa mtima ataona makina a juga a Silent Hill akulengezedwa miyezi yochepa chithetsereni Silent Hills, kenako mu 2016 a Metal Gear Solid 3 okhala ndi zithunzi zokongola zimene aliyense ankalakalaka zikanakhala gemu yeniyeni. Koma gawo lalikulu la ndalama za Konami limachokerabe ku magemu ndi makhadi, Yu-Gi-Oh, magemu a baseball amene ku Japan amagulidwa kwambiri, Momotaro Dentetsu imene inagulitsa mamiliyoni pa Nintendo Switch ku Japan komweko, ndi mpira wa pafoni. Chaka chachuma chothera mu Malichi 2015 kampaniyo inalowetsa mayeni opitirira pang'ono 200 biliyoni, chothera mu Malichi 2025 inadutsa 400 biliyoni. Ndiye amene ali ndi masheya m'kampanimo alibe chodandaula ngakhale chimodzi, kwa iwo 2015 chinali chaka chimene mabwana anaganiza bwino.

Zimene zinatsatira kumbali ya makina akuluakulu zinali zomvetsa chisoni. Metal Gear Survive ya 2018, yopanda Kojima, inali ya kumenyana ndi zilombo zonga mizukwa ndipo ukafuna malo achiwiri osungirapo gemu yako umalipira pafupifupi madola 10, chinthu chimene kale chinali chaulere mwachidziwikire. Contra Rogue Corps ya 2019 anthu sanaikonde. Castlevania itakwanitsa zaka 35, m'malo mwa gemu yatsopano anagulitsa ma NFT, zithunzi ndi timavidiyo ta pa intaneti togulitsidwa ngati katundu wapadera, kumayambiriro kwa 2022.

Koma bala limene limatikhudza ife kwambiri ndi la pa 30 Seputembala 2021. Chaka cha m'mbuyo mwake Konami inali itanena kuti PES 2021 ingokhala apudeti ya PES 2020 yotchipa, chifukwa akukonza chinthu chachikulu pa injini yatsopano ya Unreal, pulogalamu yomangirapo magemu, ndipo anthu anavomera kudikira ndi mtima umodzi. Chimene chinabwera ndi eFootball 2022, dzina la PES litachotsedwa, yaulere kudawuniloda, koma mkati mwake munali matimu 9 okha oti usewere ndi mnzako, Master League mulibe, ligi mulibe, nkhope za Messi ndi Ronaldo zopotoka moti zithunzi zake zinazungulira dziko lonse tsiku lomwelo, osewera akuthamanga manja ali kumbuyo, ma refu akutsetsereka pa kapinga chogona. Pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, inakhala gemu yonyozedwa kwambiri pa nthawiyo, oiyamikira sanafike ndi 10 pa 100 aliyense. Konami inapepesa, apudeti yaikulu imene inayenera kubwera mu Novembala inasunthidwa mpaka Epulo 2022, ndipo anthu amene anali atalipiriratu paketi ya osewera ya madola pafupifupi 40 anawabwezera ndalama zawo. Master League analonjeza kuti ibwera mu 2023 ngati chinthu chogula padera, chaka chimenecho chinatha osaiona.

Mafani ambiri amakhulupirira kuti gwero la vutoli ndi lakuti Konami inafuna gemu imodzi yoti iziyenda pa foni ndi pa PS5 pomwe, anthu onse azisewera pamodzi, ndiye kuti zimenezo zitheke gemu ya pa makina amphamvu inayenera kutsitsidwa. Ine ndimagwirizana nawo, koma ndimaonanso kuti vuto lalikulu silinali la nkhope zopotoka, zimenezo anazikonza ndipo lero eFootball pabwalo imaseweredwa bwino ndithu. Chimene sichinabwerere ndi cholinga cha gemuyo. PES yakale inapangidwa kuti uikonde mpaka chaka chamawa udzagulenso ina. eFootball inapangidwa kuti uzibwera tsiku lililonse, uziona khadi latsopano la wosewera amene ulibe, uziluza kwa munthu amene wagula makoini, mpaka nawenso ugule. Ndipo zogula mwamwayi zimenezi si nkhani yaing'ono, ku Belgium boma linagamula mu 2018 kuti mabokosi otere ndi juga, Konami mpaka inasiya kugulitsa makoini a PES m'dzikomo.

Apa pali chinthu chimene sitingachibise. Ambiri mwa achinyamata athu amene akusewera mpira wa Konami lero akusewera pa foni, ndipo kwa iwo eFootball ndi mwayi, chifukwa PS5 ndi ndalama zimene mabanja ambiri sangazione, pomwe foni ya Android ili m'thumba kale. Pofika 2024 kampaniyo inkanena kuti gemuyi yadawunilodedwa koposa ka 700 miliyoni padziko lonse, ndipo ena mwa anthu amenewo ndi ife tomwe, m'magulu a pa WhatsApp muli mipikisano, anthu akutumizirana masikweya a matimu awo usiku wonse. Ndiye sindinganene kuti Konami inasiya aliyense, inasiya gulu lina n'kutenga lina lalikulu. Koma taonani mtengo wake kwa munthu wa kuno. Gemu ya pafoniyo siyenda popanda intaneti, apudeti iliyonse ikudya bandulo, netiweki ikagwedezeka pang'ono pasi yako ikuchedwa ndipo wagoletsedwa, makoini ndi a ndalama zakunja pomwe kwacha ili mmene ililimu. Disiki ya PS2 ija inkatumikira mudzi wonse wa anyamata kwa zaka, magetsi akangoyaka basi mpira wayamba. Lero aliyense ali payekha ndi foni yake ndipo gemuyo si yake, tsiku limene Konami idzazimitse maseva, makhadi onse amene anagula apita.

N'chifukwa chake mpaka pano anthu ambiri akukakamirabe PES 2021, PES 2017 ngakhale PES 2013 pa kompyuta, ena PES ya pa PPSSPP, pulogalamu yoseweretsa magemu akale a PSP pafoni, akumaika mapachi opangidwa ndi mafani anzawo okhala ndi majezi atsopano ndi matransifa a sizoni ino. Pali gulu lotchedwa SmokePatch limene limatulutsa Football Life chaka ndi chaka, yomangidwa pa PES 2021, kwaulere. Anthu ongodzipereka akugwira ntchito imene kampani ya mabiliyoni inaona kuti ilibe phindu.

Zaka zaposachedwapa Konami yayamba kubwerera, ndipo tisakane, zina zatuluka bwino. Silent Hill 2 yokonzedwanso inatuluka mu Okutobala 2024 ndipo inagulitsa makope 1 miliyoni m'masiku ochepa, anthu amene ankaikayikira anavomereza kuti ndi yabwino. Mu Ogasiti 2025 kunabwera Metal Gear Solid Delta, mu Seputembala Silent Hill f imene nkhani yake ikuchitikira ku Japan. Koma mukayang'anitsitsa muona kuti Silent Hill 2 anaipanga ndi a Bloober Team a ku Poland, Silent Hill f ndi a NeoBards, Delta anathandizana ndi a Virtuos ndipo ndi gemu ya Kojima ya 2004 yomwe ija yongovekedwa zithunzi zatsopano, mawu a anthu a mu gemumo ndi akale omwe aja. Konami ili ndi mayina, ndi yawo mwalamulo, koma magulu a anthu amene anapanga mayinawo kukhala aakulu anabalalika kalekale, ndipo gulu lotere sulimanga ndi ndalama zokha, limatenga zaka anthu akugwira ntchito limodzi, kulakwitsa limodzi, kuphunzitsa achinyamata obwera pambuyo. N'chifukwa chake mafani akale ngakhale akugula magemu atsopanowa sakukhulupirirabe, amadziwa kuti kampaniyi yabwerera chifukwa yaona Capcom, kampani inzake ya magemu ya ku Japan, ikupanga ndalama zambiri pokonzanso Resident Evil, ndipo masamu akadzasinthanso palibe chimene chidzailetse kuchokanso.

Kumbali ya mpira ndiye kubwererako sikunafike n'komwe. EA itasiyana ndi bungwe la FIFA n'kusintha dzina la gemu yake kukhala EA Sports FC mu 2023, ambiri tinayembekezera kuti mwina Konami ipezerapo mpata wotulutsa gemu yathunthu yolimbana nayo. Chimene chinachitika n'chakuti mu 2024 inagwirizana ndi FIFA kuti eFootball izigwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa FIFAe World Cup, zimene ndi zabwino kwa osewera mipikisano ya pa intaneti, koma sizikumuthandiza munthu amene akungofuna kutenga timu yaing'ono, kuikweza sizoni ndi sizoni, osalumikiza intaneti, osagula khadi. Munthu ameneyo akafuna gemu yatsopano ya pa makina akuluakulu yokhala ndi zonsezo, kumene angapite ndi kwa EA, imene nayonso mtima wake wonse uli pa Ultimate Team, ndipo popeza palibenso woithamangitsa kumbuyo ngati mmene PES inkachitira, ilibe chifukwa chodzivutitsira.